Masamu Amene Anapulumutsa Asilikali a Pulasitiki

Mu 2015, kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham, ku England, inathetsa masewera a Warhammer Fantasy Battle. Awa ndi masewera a nkhondo a patebulo: osewera amagula tizidole ta asilikali, n'kutipenta okha, kenako n'kumenyanitsa magulu awo poponya madayisi. Anthu amene anatha zaka akupenta tizidole tawo anangoti kakasi. Ndiye atitaye?

Ambiri anasamukira ku Kings of War, masewera a kampani ya Mantic Games, ndipo chinawathandiza ndi masamu omwewa mumachita m'kalasi.

Mu Warhammer, msilikali wamba woyenda pansi ankamatidwa pa kapulasitiki ka sikweya ka mamilimita 20 mbali iliyonse. Malamulo a Kings of War sasamala za kadole kamodzikamodzi, amangoona malo amene gulu lonse latenga. Gulu la asilikali 20 liyenera kutenga mamilimita 100 kutsogolo ndi 80 m'mbali. Tandandalikani mizere inayi ya asilikali asanuasanu: 5 × 20 = 100, ndipo 4 × 20 = 80. Zakwana ndendende!

Nanga zimphona zotchedwa Orc, zoima pa masikweya a mamilimita 25? Izi zimatenga 125 × 100. Kusiyana kwa mamilimita asanu kukuoneka kochepa, koma malo akwera kuchoka pa masikweya milimita 8,000 kufika pa 12,500. Gulu lotambalala chonchi limavutika kudutsa pampata wopapatiza, ndipo malamulo amaliika pa muyeso wakewake.

Tsopano yesani inuyo: asilikali 40 a mamilimita 20, m'mizere inayi, atenga malo aakulu bwanji?