Chifukwa chomwe ophunzira a ku Nkhotakota ayenera kumva alakatuli pamaso

Mu September 2024 boma la Nkhotakota linalandira chikondwerero cha zaluso cha Lake of Stars, chomwe chinachitikira pa Fish Eagle Bay m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Chikondwererochi, chomwe chinayambira ku Chintheche m'chaka cha 2004, chimadziwika kwambiri ndi nyimbo, komatu chimaperekanso mpata kwa alakatuli kuti alakatule pamaso pa anthu.

Mwayi wotere sufika kawirikawiri m'maboma a kunyanja. Alakatuli ambiri otchuka amakhala ndi kugwira ntchito m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Zomba, ndipo pa zikondwerero zikuluzikulu pamafunika ndalama yolowera yomwe mwana wa sukulu wa ku Dwangwa kapena ku Benga sangaipeze. Zotsatira zake n'zakuti wophunzira amatha kulemba mayeso a MSCE, n'kuyankha mafunso a ndakatulo, asanaonepo mlakatuli ndi maso ake.

Ena angaone ngati nkhaniyi ndi yaing'ono, koma mbiri ya zolembalemba ikuonetsa kuti alembi ambiri anayamba kulemba atakumana ndi mlembi yemwe ankamusirira.

M'chaka cha 1962, pa sukulu ya ukachenjede ya Makerere m'dziko la Uganda panachitika msonkhano wa alembi a mu Africa. Kumsonkhanowo kunali alakatuli monga Christopher Okigbo wa ku Nigeria, Langston Hughes wa ku America ndi David Rubadiri wa kuno ku Malawi. Kunalinso wophunzira wachinyamata wa ku Kenya, yemwe pambuyo pake anadziwika kuti Ngugi wa Thiong'o. Mnyamatayo anaonetsa Chinua Achebe zomwe anali atalemba, ndipo buku lake la Weep Not, Child linasindikizidwa mu 1964.

Kuno kwathu, gulu la alembi la Writers' Group linayamba m'chaka cha 1970 pa Chancellor College, nthawi yomwe sukuluyi inali ku Chichiri mumzinda wa Blantyre isanasamukire ku Zomba. Ophunzira ndi aphunzitsi ankakumana sabata iliyonse, wina n'kuwerenga ndakatulo yake mokweza, anzake n'kuipeta mopanda kunyengerera. M'gululi munachokera alakatuli monga Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande ndi Anthony Nazombe. Aliyense mwa iwo anakula pomva anzake akulakatula.

Pali zifukwa zomveka zomwe kumva mlakatuli kumasiyanirana ndi kuwerenga buku lake.

Choyamba chikukhudza chiyankhulo chenichenicho. M'Chichewa, kukweza kapena kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo la mawu, koma kalembedwe kathu sikaonetsa zimenezi. Mawu akuti mtengo amalembedwa chimodzimodzi, kaya akunena womera m'nkhalango kaya wogulira katundu pamsika, ndipo ndi khutu lomwe limawasiyanitsa. Mlakatuli akamalakatula, womvera amazindikira pomwe wapumira, pomwe wakokera liwu ndi pomwe wadukiza dala kuti anthu alingalire. Zonsezi ndi mbali ya ndakatulo yomwe pepala silisunga.

Chachiwiri n'chakuti wophunzira amaona kuti dzina lomwe lili pachikuto cha buku ndi la munthu wonga iye, wobadwira kumudzi, woyankhula ngati makolo ake. Mwana yemwe ankaganiza kuti ndakatulo ndi za anthu akutali amayamba kuona kuti usodzi wa pa Chia, mpunga wa m'madambo ndi mphepo ya mwera n'zoyenera kulembedwa.

Chachitatu ndi mwayi wofunsa. Buku silinganene kuti ndakatulo inalembedwa kangati isanafike pomwe ilipo, ngakhalenso mawu omwe mlembi anawataya. Mlakatuli akafotokoza zimenezi, wophunzira amadziwa kuti luso limadza ndi khama, ndipo sataya mtima ndakatulo yake yoyamba ikakhala yosakoma.

Mphamvu ya ndakatulo yosungidwa m'mutu ndi pakamwa inaonekera bwino m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi. Buku la Mapanje la Of Chameleons and Gods, lomwe linasindikizidwa mu 1981, linachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu za dziko lino, ndipo mwini wake anamangidwa mu September 1987 n'kusungidwa kundende ya Mikuyu mpaka mu May 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ali m'ndendemo ankapeka ndakatulo m'mutu, ndipo zina mwa izo zinatuluka mu 1993 m'buku la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison. Wophunzira womva mbiri yotere kuchokera kwa munthu yemwe anaiona ndi maso amamvetsa mtengo wa ufulu wolankhula, womwe Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 amauteteza.

Ndakatulo za m'Chichewa nazo zafika patali chifukwa cha liwu. E.J. Chadza anatsegula njira ndi buku la Ntchito ya Pakamwa, dzina lomwe pa lokha likukumbutsa komwe ndakatulo zinachokera. Benedicto Wokomaatani Malunga, mlembi wa Kuimba kwa Mlakatuli, anatchuka m'mabuku ndi pa wailesi pomwe. Gospel Kazako anadziwika ngati mlakatuli asanakhazikitse wailesi ya Zodiak, ndipo m'zaka zaposachedwa Robert Chiwamba wakopa achinyamata ambiri kudzera pa wailesi ndi m'mafoni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 69 ndiwo amadziwa kulemba ndi kuwerenga. Izi zikutanthauza kuti ndakatulo yolakatulidwa imafikira anthu omwe buku silingawafikire.

Boma la Nkhotakota, lomwe pa kalembera yemweyo linali ndi anthu oposa 390,000, lili kale ndi maziko a ntchitoyi. Nyimbo za chioda, malipenga ndi gule wamkulu, komanso zomwe asodzi amaimba pokoka makoka, ndi ndakatulo zapakamwa zomwe ana amazimva kuyambira ali aang'ono, m'Chichewa, m'Chitonga ndi m'Chiyao. Wailesi ya Nkhotakota Community Radio, yomwe inayamba kuulutsa mawu mu 2003, ili ndi njira yofikitsira mawu kumidzi. Chomwe chimasowa ndi mlatho pakati pa chuma chimenechi ndi ndakatulo za m'kalasi, ndipo mlakatuli wobwera pasukulu ndiye angamange mlathowo.

Ntchitoyi sifuna ndalama zambiri. Imafuna thiransipoti, malo ogona, mthunzi wa mtengo kapena holo ya sukulu, ndi malipiro oyenera a mlakatuliyo. Ofesi ya maphunziro ya boma, mogwirizana ndi aphunzitsi aakulu ndi alangizi a maphunziro, ingathe kusonkhanitsa sukulu zoyandikana pamalo amodzi kuti ulendo umodzi upindulire ophunzira ambiri. Tsiku la 21 March, lomwe bungwe la UNESCO linalikhazikitsa mu 1999 kukhala lokumbukira ndakatulo pa dziko lonse, ndi nthawi yabwino yochitira izi chaka ndi chaka. Khonsolo nayo ingathe kupempha okonza zikondwerero m'bomali kuti alakatuli omwe awaitana ayendereko sukulu imodzi kapena ziwiri asanabwerere kumzinda.

Pochita zimenezi, akuluakulu ayenera kukumbukira kuti kulakatula ndi ntchito ngati ina iliyonse. Lamulo loteteza umwini wa zaluso la 2016, lomwe bungwe la COSOMA limaliyang'anira, limateteza ntchito za alembi, kotero kujambula kapena kuulutsa ndakatulo ya munthu kumafuna chilolezo chake. N'kofunikanso kuti pamsonkhano wotere ophunzira apatsidwe nthawi yowerenga zolemba zawo mlendoyo akumva, chifukwa kumangoombera m'manja sikuphunzitsa.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana wa Fomu 2 yemwe wamva mlakatuli lero, n'kuwerenga ndakatulo yakeyake pamaso pake, amabwerera kunyumba akudziwa kuti chiyankhulo cha kwawo chingathe kunyamula nkhani zazikulu. Mphunzitsi, mtolankhani kapena wogwira ntchito m'boma wa mawa amafunika chidziwitso chimenechi, ngakhale atapanda kudzasindikiza buku.