Kukonza Chipinda Chimodzi Kuti Chikhale Nyumba

Mnyamata kapena mtsikana amene wangoyamba ntchito mumzinda, kaya ku Ndirande mu Blantyre kapena ku Kawale mu Lilongwe, kawirikawiri amayambira m'chipinda chimodzi cha lendi. M'menemo ndimo mogona, modyera ndiponso molandirira alendo. Ambiri amathamangira kutenga sofa ndi bedi lalikulu pangongole, kenaka n'kuona kuti chitseko chikukanika kutseguka ndipo malipiro atha mwezi usanafike pakati. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali chimakongola pamene patsala malo oyendamo. Bedi la munthu mmodzi likhale kukhoma lakutali ndi khomo, sutikesi ilowe kunsi kwake. Chitenje chopachika pa waya chimabisa kogona mlendo akafika. Tebulo limodzi ndi lokwanira kudyerapo ndi kulemberapo. Mabuku ndi mbale zikwere pa mashelefu, ngakhale kuti mwininyumba ayenera kufunsidwa msomali usanakhomedwe. Mipando iwiri ya nsungwi njopepuka, ndipo mkeka umapindidwa alendo akapita.

Khoma lopaka laimu limawalitsa chipinda, malinga kabati isatchinge zenera. Mbaula ikhale panja, pakuti makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo.

Katundu wotere amagulika pang'onopang'ono popanda ngongole, ndipo tsiku losamuka amakwana m'galimoto imodzi yaing'ono.