Malasha a ku Maamba ndi Nsomba za mu Zambezi

Chilala cha mu 2024 chinachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse. Pofuna kuthetsa vutoli, dziko lathu likudalira kwambiri malasha. Ku Maamba, m'boma la Sinazongwe, kuli makina opanga magetsi okwana 300 MW omwe anayamba kugwira ntchito mu 2016, ndipo mu 2024 inayamba ntchito yowonjezera ena 300 MW. Magetsi ochuluka amafuna malasha ochuluka, ndipo malasha ochuluka amafuna maenje aakulu. Mitsinje ya m'derali imathira madzi ake mu Kariba, choncho n'koyenera kuti ife alimi timvetse mmene mgodi umafikira kwa nsomba.

Njira yoyamba ndi asidi. M'malasha ndi m'miyala yowazungulira mumapezeka mwala wonyezimira wotchedwa pyrite, womwe uli ndi chitsulo ndi salufa. Ukakhala pansi pa nthaka suvuta. Koma ukakumbidwa n'kukumana ndi mpweya ndi mvula, umatulutsa asidi amene amatsikira mumtsinje. Inu amene munaphunzira kuyeza nthaka mukudziwa tanthauzo la pH. Nsomba za mtundu wa bream zimakula bwino pH ya madzi ikakhala pakati pa 6.5 ndi 9. Ikatsika pansi pa 5, mazira ndi tiana ta nsomba ndizo zimayamba kufa. Asidiyo amasungunulanso aluminiyamu, amene amamatirira pa makha a nsomba n'kuilepheretsa kupuma. Chizindikiro chooneka ndi maso ndi matope ofiira ngati dzimbiri pansi pa mtsinje. Choopsa n'chakuti miyala yotayidwa imatulutsabe asidi kwa zaka zambiri mgodi utatsekedwa.

Njira yachiwiri ndi matope. Bream yamphongo imakumba chisa pamchenga wa madzi osaya, ndipo yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa. Mvula ikakokolola dothi la pamgodi, limakwirira malo amenewa komanso limadetsa madzi, kotero kuti zomera zazing'ono zimene nsomba zimadya sizilandira kuwala kwa dzuwa.

Nsomba imene ili pachiopsezo chachikulu m'chigawochi ndi bream ya ku Kariba, yomwe asayansi amaitcha Oreochromis mortimeri. Bungwe la IUCN linaiika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Chimene chinaichepetsa kwenikweni si mgodi, koma Nile tilapia, nsomba yobwera imene inathawa m'malo oweteramo n'kulanda chakudya ndi malo oswanirana. Komabe mtundu umene watsala wochepa chotere sungapirire vuto lina. Mtsinje umodzi ukawonongeka, palibe kwina kumene nsomba zina zingachokere kudzaudzaza.

Zimene asidi amachita tinaziona mu February 2025, pamene damu la zotayidwa za mgodi wa kopa ku Chambishi linaphulika. Madzi ake analowa mu Mwambashi ndi mu Kafue, nsomba zinafa, ndipo boma linathira laimu mumtsinje pogwiritsa ntchito ndege. Laimu amachepetsa asidi m'madzi monga momwe amachitira m'munda, koma sabwezeretsa nsomba zakufa. Chitetezo chenicheni chimachitikira pamgodi pomwepo: kukwirira miyala yotayidwa kuti isakumane ndi mpweya, kusunga madzi oipa m'madamu olimba, ndi kuwathira laimu asanatuluke.

Kuno ku Chongwe tilibe mgodi wa malasha, koma mtsinje wathu umathira mu Zambezi yemweyo, ndipo matope a m'munda amakwirira zisa za nsomba mofanana ndi a pamgodi. Musalime mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Siyani mzere wa udzu ndi mitengo. Ngati muli ndi damu la nsomba, wetani bream zakwathu monga ya mawanga atatu, ndipo ikani sefa potulukira madzi. Yezani pH ya madzi anu mvula yoyamba ikagwa, n'kulemba m'buku. Mukamva kuti kudera kwanu kukubwera mgodi, pitani kumsonkhano wounika zachilengedwe umene malamulo a ZEMA amafuna, ndipo mukafunse mafunso awiri: madzi a mumgodi azipita kuti, nanga adzawasamalira ndani mgodi ukadzatsekedwa?