Oyilo akatayikira pasimenti posungira zokolola, musathamangire madzi

KALOMWE. M'makomo ambiri kuno kumalire, chipinda chimene mota imagona ndi chomwechonso amaunjikamo matumba a chimanga, nyemba ndi mbatatesi podikira ogula ochokera ku Ulónguè kapena kutsidya ku Dedza. Mota ikamadontha, pansi pamatsala banga lakuda. Ambiri saliwerengera mpaka tsiku limene wogula anunkhiza thumba lapansi, kumva fungo la dizilo, n'kulikana. Ufa wa chimanga chotero sutha fungo ngakhale muwuyanike kangati.

Simenti imaoneka yolimba, koma ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo imamwa mafuta. Oyilo, amene ena timamutchula olyo potengera Chipwitikizi, akakhalitsa amalowa mkati. N'chifukwa chake kukolopa ndi madzi sikuthandiza: madzi ndi mafuta sizisakanizika, ndiye banga limangokula.

Akangotayika kumene, thiranipo chinthu chouma chomwa mafuta. Utuchi wa kwa kalipentala ndi wabwino, phulusa la pamoto lozizira kapena dothi louma loperapera zimagwiranso ntchito. Mchenga wa kumtsinje sumwa kwenikweni. Pondanipondani ndi nsapato kuti zilowe m'timabowo, musiye usiku wonse, m'mawa musese. Mukatero sungunulani sopo waufa m'madzi otentha, muthire, mudikire mphindi 20, kenaka mukweche ndi burashi yolimba. Ya waya isiyeni, imakanda simenti n'kusiya dzimbiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kuno kumapiri kumazizira kwambiri, oyilo amalimba, choncho ntchitoyi muigwire masana dzuwa litakwera.

Phulusa lili ndi mphamvu inanso imene amayi amaidziwa kale. Chidulo chophikira therere chija chimachokera m'phulusa, ndipo mphamvu yomweyo ikakumana ndi mafuta imawamasula kuti atsukike. Ndiye pabanga la girizi, yambani mwapala ndi chitsulo chaphanthiphanthi, kenaka pakani phala la phulusa ndi madzi otentha.

Banga lakalekale, monga la pansi pa injini ya chigayo, limafuna kuleza mtima. Sakanizani phulusa losefa kapena laimu ndi palafini pang'ono mpaka zikhale ngati phala lolimba, mupake mochindikala ngati chala, muphimbe ndi pulasitiki tsiku limodzi. Palafini amasungunula oyilo wamkati, ndipo mukachotsa pulasitiki, phala likamauma limamukokera kunja. Likauma palani, mutsuke ndi sopo. Mwina mudzabwereza kawiri kapena katatu, ndipo kunena zoona, kamthunzi ka banga kamatha kutsala. Chofunika n'chakuti fungo ndi kuterera zithe. Pochita izi tulutsani zokolola zonse, zitseko zikhale zotsegula.

Amakanika ena amalangiza petulo. Ife tikuti ayi. Mpweya wa petulo ndi wolemera, umayenda chapansipansi, ndipo ukapeza mbaula kapena ndudu pakhomo, moto umabwerera mpaka pamene mwagwada. Madzi a m'batire nawonso sachotsa oyilo, amangodya simenti ndi khungu la m'manja.

Utuchi ndi phulusa zimene mwasesa musazitaye ku dimba, pa manyowa kapena pafupi ndi chitsime. Oyilo wogwira kale ntchito mu injini amakhala ndi zitsulo zapoizoni, ndipo pang'ono pokha amaononga madzi ambiri akumwa. Zisungeni m'chitini chotseka, kutali ndi ana ndi ziweto. Madzi otsukira nawo asalowe mu ngalande yopita kumtsinje.

Pansi pakauma, ikani chitini chodula pakati kapena katoni pansi pa injini ya mota, ndipo matumba muwasanje pa mitengo kapena matabwa, asakhudze simenti. Ngati mota ikudonthabe, pitani nayo kwa makanika aone bawuti yotulutsira oyilo ndi magasiketi nyengo yokolola isanafike.