Membala Wosayankha pa Ntchito ya Pagulu m'Maphunziro a Ukachenjede

Maphunziro a digiri yachiwiri, imene ambiri amangoitchula kuti masitazi, m'dziko muno amachitidwa kawirikawiri ndi anthu amene ali kale pantchito ndipo ali ndi mabanja owayang'anira. Mphunzitsi wa kusekondale, namwino, mlangizi wa zaulimi kapena kalaliki wa kuesiteti ya tiyi amene amakhala pa Chitakale, patsinde pa phiri la Mulanje, amakwera minibasi kumapeto kwa sabata ulendo wa makilomita oposa 60 kupita ku Blantyre kukalowa m'kalasi ku MUBAS, sukulu imene inkatchedwa Polytechnic isanapatuke ku University of Malawi mu 2021, pamene ena amalowera ku MUST, imene inatsegulidwa ku Ndata m'boma la Thyolo mu 2014. Kumeneko amaikidwa m'gulu la anthu anayi kapena asanu ndi kupatsidwa asayimenti imodzi, ndiko kuti ntchito yolemba imene malikisi ake adzagwera onse mofanana, koma kalasi ikatha aliyense amabwerera kwawo, wina ku Zomba, wina ku Nchalo, wina ku Chitakale, ndipo gululo limatsala pa WhatsApp pokha. Apa ndi pamene pamabadwira membala wosayankha: munthu amene dzina lake lili pamndandanda, amene uthenga umamufika mpaka timizere tiwiri kusanduka tabuluu, koma gawo lake silioneka mpaka tsiku lopereka ntchito litayandikira.

Kukhala chete kotere kuli ndi magwero osiyana, ndipo gulu limene limathamangira kunena kuti ndi ulesi limalakwitsa mankhwala chifukwa silinapime nthenda. Pali amene walepheretsedwa ndi zinthu zomuposa mphamvu. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo wophunzira amene laputopu yake yazima sangalembe ngakhale atafunitsitsa. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anadula misewu ndi milatho ku Mulanje ndi ku Phalombe, nasiya mabanja ambiri pa maliro. Ngakhale popanda ngozi zikuluzikulu, bandulo imatha mwezi usanathe, ndipo wogwira ntchito kuesiteti sapuma m'nyengo ya dzinja pamene tiyi amaphukira kwambiri. Pali wina amene watsekedwa pakamwa ndi manyazi, makamaka amene wabwerera m'kalasi patapita zaka khumi kapena kuposerapo, amene amaopa kuti Chingerezi chake cholemba chidzamuyalutsa pamaso pa achinyamata ongochoka kumene pa digiri yoyamba. Ndiye pali wachitatu, wozemba weniweni, amene wawerengera bwino kuti anzake sangalole kulephera, motero adzaigwira ntchitoyo iye alipo kapena palibe.

Khalidwe la wachitatuyu linafufuzidwa kalekale. Katswiri wa zaulimi wa ku France, Max Ringelmann, anafalitsa mu 1913 zimene anapeza atayeza mphamvu za anthu okoka chingwe: munthu akamakoka yekha ankatulutsa mphamvu zake zonse, koma pagulu la anthu 8 aliyense ankakoka ndi pafupifupi theka chabe. Mu 1979 Bibb Latané, Kipling Williams ndi Stephen Harkins ku America anabwereza mfundoyi pouza ophunzira kuti azifuula ndi kuomba m'manja, ndipo anaona kuti munthu amachepetsa mawu ake ngakhale pamene wangoganizitsidwa kuti akufuula ndi ena pomwe ali yekha. Chofunika kwambiri chinadza mu 1981, pamene akatswiri omwewa anapatsa aliyense maikolofoni yake ndi kumuuza kuti mawu ake ayezedwa paokha: kuzembako kunatha. Tanthauzo lake ndi lakuti ulesi wa pagulu, monga mmene khalidweli limatchedwera, umamera pamene thukuta la munthu mmodzi lasungunuka m'thukuta la onse moti palibe angaloze kuti ili ndi la uje. Norbert Kerr anaonjezapo mu 1983 kuti akhama nawonso amafooka akaona kuti mnzawo wokhoza akuwadyera masuku pamutu, kotero kuti chete wa munthu mmodzi amatha kupatsira gulu lonse.

Anthu a ku Chitakale safunika buku kuti aidziwe mfundo imeneyi, pakuti amaiona tsiku ndi tsiku. M'minda ya tiyi anthu amathyola mogundana mapewa, koma dengu la aliyense limakwera pasikelo palokha ndipo makilogalamu ake amalembedwa pa dzina lake. Chitsanzo choposa apa ndi banki m'khonde, chifukwa mamembala ake ndi anthu ofanana, opanda kapitawo: asanaponye ndalama yoyamba amayamba agwirizana malamulo, tsiku lokumana, chindapusa cha wochedwa ndi cha wojomba, komanso zifukwa zomveka monga matenda ndi maliro, ndipo zonse zimalembedwa m'kaundula. Palibe amene amaona malamulowo ngati chipongwe, popeza anapangidwa mlandu usanabuke. N'zomvetsa chisoni kuti anthu ophunzira kwambiri, ena mwa iwo ali m'mabanki oterewa, akafika pa asayimenti amayamba ntchito popanda pangano lililonse, akudalira kuti mutu umodzi susenza denga, n'kuiwala kuti posenza denga pamafunika kudziwa amene wagwira mbali iti.

Choncho mankhwala enieni amamwedwa sabata yoyamba, gulu lisanabalalike pakhomo pa kalasi. Gawo la aliyense liyenera kutchulidwa ndi dzina lake ndi tsiku lake, ndipo tsikulo likhale lotsogola ndithu poyerekeza ndi limene mphunzitsi waika, kuti pakhale mpata wokonza ngati wina waphonya. Ndi bwino kulembera pamalo amodzi monga Google Docs, pamene mbiri ya zosintha imaonetsa amene analemba ndime iliyonse ndi nthawi yake, ndiponso kutenga nambala yachiwiri ya membala aliyense. Gulu ligwirizanenso kuti munthu akakhala masiku angati osayankha ndiye kuti nkhani yapita kwa mphunzitsi.

Chovuta kwambiri pa magulu a masitazi kuno kwathu ndi ulemu. Wosayankhayo nthawi zina amakhala wamkulu msinkhu, mkulu wa mpingo, kapenanso bwana wa mmodzi wa mamembala kuntchito, ndipo mwana wolerereka bwino sadzudzula munthu wotere pagulu. Ulemu umenewu suyenera kutayidwa, koma umafuna njira yake. Kumutchula dzina mobwerezabwereza pa WhatsApp anzake akuona kumamukankhira kutali, makamaka ngati chomutsekereza ndi manyazi, pamene kumuimbira foni payekha, kapena kumupeza maso ndi maso ngati ali pafupi monga pa Mulanje boma kapena ku Likhubula, kumamupatsa khomo lotulukira. Mawu omuuza akhale aulemu koma olunjika, monga akuti: "Bambo, gawo lanu lounika zimene ena analembapo kale tikulidikira pofika Lachitatu madzulo, ngati pali chovuta, tiuzeni lero kuti tione pothandizana." Pempho lotere lili ndi ntchito yodziwika ndi tsiku lodziwika, ndipo yankho lake, kapena kusowa kwa yankho, ndi kumene kumasiyanitsa wolepheretsedwa, wamanyazi ndi wozemba. Wolepheretsedwa amapatsidwa masiku ena kapena gawo lopepukirapo, wamanyazi amaphatikizidwa ndi mnzake woti alembe naye limodzi. Apa mpofunika kunenanso kuti chete wina amapangidwa ndi gulu lenilenilo, pamene membala wakhama kwambiri afufuta zimene mnzake walemba n'kuikapo zake osamufunsa; munthu wochitidwa zotere kawiri amasiya kutumiza kanthu.

Wozemba akapatsidwa mpata koma osasintha, mphunzitsi ayenera kudziwitsidwa nthawi ikadalipo, mwa kalata yachidule yofotokoza zimene zinagwirizanidwa, masiku amene munthuyo anafunidwa ndi zimene zinatsatira, popanda mawu onyoza ndiponso mwini wakeyo atauzidwa kuti kalata ikupita. Dandaulo lofika usiku woti mawa ntchito iperekedwa silithandiza aliyense, chifukwa mphunzitsi sakhalanso ndi mpata womva mbali zonse, wogawanso ntchito, kapena wogwiritsa ntchito njira yoti mamembala aunikane okha, imene imalola kuti malikisi a munthu akwere kapena atsike molingana ndi zimene anzake achitira umboni.

Magulu ambiri amasankha njira ina, imene amaiyesa umunthu: amagwira ntchito yonse, n'kulemba dzina la wosayankhayo pachikuto kuti pasakhale udani. Kuchita tero n'kunama kwa mphunzitsi ndi kwa sukulu, pakuti dzina pachikuto ndi umboni wakuti munthuyo anagwirapo ntchito. Kumapwetekanso amene akuyesedwa kuti akuthandizidwa, chifukwa digiri yachiwiri imathera pa kafukufuku wa munthu payekha, ndipo amene ananyamulidwa pa maasayimenti onse amadzakumana ndi ntchito imeneyo asanaphunzire kusanthula zolemba za ena kapena kusanja mfundo zake. Mawa lake munthu yemweyo adzapatsidwa sukulu, chipatala kapena ofesi yoti ayendetse chifukwa cha pepala limenelo. Wodwala ndi woferedwa ayenera kunyamulidwa poyera, mphunzitsi akudziwa, koma dzina la amene anangosankha kusagwira ntchito siliyenera kulembedwa pachikuto.