Malindi: Kutentha, Mwera ndi Nyumba za Malata

Munthu akawoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa Mangochi n'kulowera msewu wa ku Makanjira, amafika pa Malindi, m'mbali mwa nyanja ya Malawi chakum'mawa. Anthu ambiri kuno ndi Ayao, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu, komabe mishoni ya Anglican idazika mizu kalekale. Chipatala cha St Martin's ndi sukulu ya atsikana ya St Michael's zili pompano. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma lonse la Mangochi.

Nyumba zikusintha. Pakati pa zaudzu pakumera zanjerwa zootcha, zofolera malata, zambiri zomangidwa ndi ndalama za achinyamata a ku Joni. Ine zimandisangalatsa, koma malata opanda siling'i mu Okutobala amawotcha zedi, moti mabanja amayala mphasa pakhonde usiku, udzudzu uli pompo.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera. Kumazizirirako, koma nyanja imakalipa ndipo asodzi a usipa amakoka mabwato kumtunda. Mu 2024 madzi a nyanja adakwera kwambiri, nalowa m'nyumba zomangidwa pafupi ndi gombe m'madera ambiri a Mangochi.