Chimene Timaphunzitsa Ana a Alimi

Pali funso limene makolo amandifunsa kawirikawiri ndikafika pamudzi kukakamba za kalabu ya achinyamata, ndipo popeza olifunsawo ndi anthu amene khasu linawalimbitsa zikhatho ine ndisanabadwe, ndiyenera kuliyankha ndi ulemu womwewo umene iwo amalifunsira. Amati: “Alangizi, mwanayu anabadwira m’munda, amake ankamgoneka pansi pa mtengo iwo akupalira, ndipo iye wagwira kakhasu chiyambire pamene anatha kuima yekha, nanga inu mukamphunzitsa chiyani chimene ife tinalephera?” Enanso, amene safunsa kanthu, amadza ndi ana awo tsiku loyamba poganiza kuti kalabu ndi khomo lolembetsera mayina a makuponi, ndipo akamva kuti ndilibe thumba la feteleza loti ndigawe, amatsanzika bwinobwino osabweranso.

Kugwira khasu ife sitiphunzitsa, pakuti pa luso limenelo mwana wa zaka khumi ndi ziwiri wa ku Mitundu kapena ku Ntcheu aposa ambiri a ife amene tinatuluka ku Bunda ndi ku Natural Resources College. Chimene timaphunzitsa ndicho kuyeza, kuyerekeza ndi kulemba, kuti mwanayo, pokhala atakula, asamakhulupirire chinthu chifukwa chakuti ananena ndi agogo ake, kapena mlangizi, kapena wogulitsa mbewu wa pamsika, koma chifukwa anachiyesa pa nthaka yake nachiona ndi maso.

Kukayika kwa makolo kuli ndi mizu yake, ndipo sindikuwaimba mlandu. Akuluakulu akukumbukirabe malimidwe a m’zaka za m’ma 1950, pamene boma la atsamunda linalamula anthu kupanga mizere yopingasa ndi migula, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kuponyedwa m’ndende; uphunguwo unali woona, pakuti nthaka inkakokolokadi, koma popeza unadza ndi mesenjala ndi unyolo, anthu anadana nawo pamodzi ndi ounyamula. Dziko litalandira ufulu, Dr. Banda anatchedwa Mchikumbe Namba Wani, ndipo gulu la Malawi Young Pioneers, limene linakhazikitsidwa mu 1963, linaphunzitsa anyamata ndi atsikana ulimi m’malo monga Nasawa ku Zomba. Ambiri anabwerera kwawo ali alimi enieni, koma ulimiwo unayenda limodzi ndi yunifomu ndi mantha, ndipo gululo litathetsedwa m’zaka zoyambirira za m’ma 1990, minda yake yambiri inagonera. Chotsala chimene chikundipweteka mtima kufikira lero ndi cha m’sukulu zathu, momwe phunziro la ulimi lili pa ndandanda kuyambira kupulayimale kufikira mayeso a Fomu 4, komabe mwana wochedwa, wochita phokoso kapena wosalemba ntchito ya kunyumba amapatsidwa khasu kuti akalime ngati chilango. Mwana amene kwa zaka zisanu ndi zitatu waona kuti munda ndiwo malo a olakwa, ndani adzamuuze atakula kuti m’nthaka muli chuma, iye namumvera?

Maganizo a makalabu a ana anakula ku America kumayambiriro kwa zaka za m’ma 1900. Mphunzitsi wina dzina lake A. B. Graham anayambitsa kagulu kotere ku Ohio mu 1902, ndipo m’madera ena munabuka makalabu a chimanga a anyamata ndi a tomato a atsikana, amene pambuyo pake anadzatchedwa 4-H. Akatswiri a kumeneko anaona kuti alimi achikulire sankafuna kumva za mbewu ndi njira zatsopano, koma mnyamata akapatsidwa ekala imodzi nailima monga anamulangizira, atate ake ankaima m’malire n’kudzionera okha kusiyana kwa zokolola. Makolo athu anazidziwa kale zimenezi pamene ankati m’mera mpoyamba.

Tsono ndifotokoze zimene zimachitika m’kalabu yoyenda bwino, chifukwa ambiri amangoona ana atasonkhana pansi pa mtengo wa mango ndi munthu wa njinga, osadziwa chimene chikukambidwa. Ntchito imayamba mu Okutobala, mvula isanagwe. Ana amawerenga njere 100 za mbewu imene akufuna kubzala, naziyala pa chiguduli chonyowa, nachikulunga, nachiika pamthunzi, namachiwaza madzi tsiku ndi tsiku. Pakatha sabata amachifunyulula ndi kuwerenga zimene zamera. Zikamera 90 kapena kuposerapo, mbewuyo ndi yabwino. Zikamera 60 zokha, mwanayo wadziwa, mvula isanabwere, kuti akabzala mbewu imeneyo adzataya nthawi ndi kupakiza, ndipo wadziwanso kuti 60 pa 100 alionse si masamu a pa bolodi okha ayi. Ndaonapo mayi wina, atamva kwa mwana wake, akutapa njere m’nkhokwe yake madzulo omwewo kuti nayenso ayese.

Pambuyo pake pamabwera chingwe, chimene ndimachiona kuti ndicho chida chachikulu cha mlangizi kuposa mabuku onse a mu ofesi yake. Ana amamanga mfundo pa chingwe pa masentimita 25 alionse, nadula ndodo ya masentimita 75 yoyezera kutalikirana kwa mizere, napima timinda tiwiri toyandikana, kalikonse mamita khumi m’litali ndi khumi m’lifupi. M’kamunda koyamba amabzala monga amachitira kwawo, njere zitatu paphando, mapando otalikirana ndi mizere yotalikirana; m’kachiwiri amabzala njere imodzi paphando pa mfundo iliyonse, njira imene anthu amaitchula kuti ya Sasakawa potsata bungwe limene linaifalitsa kuno. Kenaka timakhala pansi kuwerengera: kubzala kwakale, pa masentimita 90 uku ndi uku njere zitatuzitatu, kumapereka mapesi pafupifupi 37,000 pa hekitala, pamene kubzala kamodzikamodzi kumapereka oposa 53,000, ndipo phesi lililonse lili palokha, losalimbirana chakudya ndi kuwala ndi abale ake a phando limodzi.

Apa ndipo pali chinsinsi chonse cha ntchito yathu, ngati n’koyenera kuchitcha chinsinsi: timinda tiwirito tiyenera kusiyana pa chinthu chimodzi chokha. Mbewu ikhale yofanana, tsiku lobzala likhale limodzi, feteleza akhale wa muyezo umodzi, kupalira kuchitike tsiku limodzi. Pakuti mukasintha mbewu ndi kabzalidwe ndi feteleza nthawi imodzi, ndipo kamunda kena kakapambana, simudzadziwa chimene chapambanitsa, ndipo mudzatamanda chosayenera kutamandidwa. Ana amavutika nalo lamulo limeneli, chifukwa mtima wawo umakonda kamunda katsopano, ndipo amafuna kukathirira mobisa kapena kukawonjezera manyowa kuti “kathu kapambane”. Ndinamvapo mtsikana wina wa Sitandade 7 akudzudzula mnzake amene anabwera ndi chidebe cha zitosi za nkhuku m’mamawa, nati: “Iwe, ukathira kuno kokha ndiye kuti tikunamiza ife tomwe.” Mwana amene wafika ponena mawu otere wagwira chimene akatswiri a ku Chitedze, ku Bvumbwe ndi ku Makoka amachita masiku onse a moyo wawo, ndipo wamalonda wa mankhwala achinyengo adzavutika naye.

Za feteleza timaphunzitsa kuwerenga thumba. Manambala olembedwa pamenepo ndi muyezo wa chakudya cha mbewu, ndipo nambala yoyamba imanena za nayitrojeni, amene amabiriwiritsa masamba. Pa thumba la yureya palembedwa 46, kutanthauza kuti m’thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a chakudyacho. Wokulitsa amathiridwa pobzala kapena mbewu itangomera, wobereketsa patapita masabata atatu, m’kadzenje kokumbidwa pambali pa phesi, ndipo akwiriridwe, pakuti yureya wosiyidwa pamtunda amauluka ndi mpweya, ndalama n’kupita nazo. Koma popeza mtengo wa thumba wafika poti mabanja ambiri sangaukwanitse, timakhalitsa pa manyowa, pa mitengo ya msangu ndi gliricidia, ndi pa mbewu za mtundu wa nyemba. Ndimakonda kuzula tsinde la soya pamaso pa ana, kuligwedeza dothi, ndi kuwaonetsa timatuza ta pa mizu. Ndikang’amba kamodzi ndi chikhadabo, n’kupeza kuti m’kati ndi mofiirira, ndimawauza kuti mmenemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene tikukoka nayitrojeni mumpweya ndi kumuika m’nthaka popanda kulipidwa. Kuyambira tsiku limenelo, kasinthasintha wa mbewu saloweza pamtima chifukwa cha mayeso. Amamvetsa chifukwa chake chimanga chimakondwa pamene panali mtedza chaka chatha.

Chifikire ntchemberezandonda zachilendo m’minda yathu cha m’ma 2017, tawonjezapo kuyendera munda m’mamawa, kusuzumira m’mtima mwa chimanga, kuona masamba obooka ndi ndowe za mbozi, ndi kuwerenga mapesi ogwidwa tisanaganize za mankhwala. Botolo la mankhwala lokha sindilola kuti mwana aligwire.

Nthawi yokolola ikakwana, kamunda kalikonse kamakololedwa pakokha, chimanga chiumitsidwa, chitongoledwa, chiyezedwa pa sikelo anthu akuona. Popeza kamunda ka mamita khumi mbali zonse ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a hekitala, masamu ake ndi opepuka: kakatulutsa makilogalamu 40, ndiye kuti hekitala ikadatulutsa matumba 80 a makilogalamu 50. Pamenepo mlembi wa kalabu amatsegula kope limene walembamo mtengo wa mbewu, wa feteleza, wa matumba, ndi masiku amene anagwira ntchito powerengera mtengo wa ganyu, nachotsa zonsezo pa mtengo wa zokolola. Alimi ochuluka a dziko lino, ngakhale akhama kwambiri, sanachitepo chiwerengero chimenechi, ndipo n’chifukwa chake amagulitsa kwa mavenda mu Meyi pa mtengo wosabweza thukuta lawo, nadzagulanso chimanga chomwecho mu Januwale pa mtengo wokwera. Pa tsiku la chionetsero, pamene afumu ndi nduna zawo ndi makolo akhala pamphasa, ine ndimakhala kumbuyo, ndipo wolankhula ndi mwana, ndi kope lake m’manja.

Musaganize kuti njira ya mlangizi ipambana nthawi zonse. Pali zaka zimene chimanga cha makolo, ngakhale chibereka pang’ono, chimaposa cha haibulidi m’nkhokwe ndi mumtondo, pakuti njere yake yolimba siigonja msanga kwa anankafumbwe ndipo imatulutsa mphale yambiri. Amayi anakhala akunena zimenezi kwa zaka, akatswiri osamva, kufikira pamene a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbewu za haibulidi zokonoleka bwino, ndipo pomwepo alimi ang’onoang’ono anazilandira. Wakutsina khutu ndi mnansi; ndipo kalabu yabwino imalemba zimene sikelo yanena, ngakhale zitatsutsana ndi zimene mlangizi ankayembekeza.

Koma zonsezi zimagwa ngati zokolola sizili za ana. Pa sukulu ina, imene sindiitchula dzina, ana analima bwino, nakolola matumba angapo a mtedza, ndipo potsekera sukulu matumbawo anasungidwa m’nyumba ya mmodzi wa akuluakulu. Potsegulira, panalibe thumba, panalibenso wofotokoza. Chaka chotsatira ndinaitana msonkhano wa kalabu, ndipo anabwera ana ochepa, okhawo amene anaopa kukana. Wantchito ayenera malipiro ake, angakhale ndi wamng’ono. Kalabu ikhale ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma osankhidwa ndi ana eni ake, ndalama ziwerengedwe poyera, ndipo iwo agwirizane okha ngati agule makope, agawane, kapena agule nkhuku zoti aziphunzirapo kupereka katemera wa chitopa wodonthezera m’diso. Ndipo atsikana asamangosankhidwa kukhala alembi ndi ophika nsima pa tsiku la chionetsero, pakuti mbali yaikulu ya ntchito ya kumunda m’dziko muno ili m’manja mwa amayi, ndipo wodzalima mawa ndiye agwire chingwe lero.

Vuto limene ine sindingalithetse ndi njinga yanga ndi la malo, ndipo pa ili ndikupempha mafumu, eni mbumba ndi atsibweni. Mnyamata wotsiriza sukulu amene waphunzira zonsezi amabwerera kwawo n’kupeza kuti munda ndi wa amake, kapena, akakwatira chikamwini, ndi wa apongozi, ndipo sangasinthe mzere ngakhale umodzi popanda chilolezo. Posakhalitsa amagula njinga ya kabaza kapena kukwera basi ya ku Joni. Makalabu nawonso, akapempha malo, kawirikawiri amapatsidwa kumtunda kowuma kodzala kaufiti kumene mwini wake anakutaya kale, ndipo ana akakuthira manyowa zaka ziwiri, nthaka n’kuyamba kuda, mwini uja amakumbukira kuti mphwake akufuna polima. Chotero ndikafika kwa afumu sindipempha malo aakulu; theka la ekala likwanira, ndi kachigawo ka kudimba ngati kalipo, kuti ana azilima masamba m’chilimwe. Koma ndimapempha kuti malirewo ayendedwe pamaso pa mboni, ndi kuti zaka zimene kalabu idzalimapo, zisachepere zitatu, zilembedwe m’buku la afumu mvula yoyamba isanagwe.